Fumbi la ku Mowatizi

Kuno fumbi ndi lakuda.
Tebulo lopukuta m'mawa
masana umalembapo dzina ndi chala.
Chaka chachisanu ndi chitatu chino ndikusesa nyumba ya alendo iyi,
tsache m'manja, mtima uli ku Joni
kumene Anselimo wanga anapita
ndi foni imene sikugwiranso.

M'chipinda chachinayi munkagona bambo Tanabe,
oyeza miyala ya kumgodi.
Tambala asanalire kachiwiri
ankapinda bulangete, n'kukhalapo, msana njo,
nkhope kukhoma.
Khoma lake lopanda chithunzi,
mng'alu umodzi ndi nalimata basi.
Ndinkayesa aferedwa.
Kenako ndinati kaya mkazi anawathawa.
Tsiku lina ndinalephera kupirira:
Bambo, mumaonapo chiyani pamenepo?
Anati, Khoma.
Nanga mumapempha chiyani?
Anaseka. Kwathu timati Zeni, mayi.
Mpweya ukalowa, ndidziwe kuti walowa.

Loweruka lina anandibwereka tsache.
Anasesa khonde pang'onopang'ono
ngati akupesa tsitsi la wodwala,
mpaka ine manyazi.
Ndinati, Mukudzivuta, libweranso madzulo ano.
Anati, Eya, libweranso.
Sanawonjezepo kanthu. Ndinapsa mtima tsiku lonse.

Mayi Rivka anabwera mwezi wa khumi,
kutentha kumene mbuzi zimakanganirana mthunzi wa mlambe.
Dokotala wa zifuwa, Myuda,
ankamvetsera mapapo a anyamata a kumalasha.
Ankafika kukhosi kuli gwa,
ine n'kuwapatsa madzi a mufiriji,
koma osamwa msanga ayi.
Ankayamba agwira tambula ndi manja awiri,
milomo ikuyenda,
dontho likutsika pagalasi mpaka pachala.
Ndinawagulira masau ouma pamsika.
Anatola limodzi, naliyang'ana ngati ndalama yachilendo,
nati mtengo uli ndi dalitso lake,
buledi lake, madzi lake,
ngakhale kudzuka m'mawa, poti mzimu wabwezedwa.
Ataluma nkhope inakwinyika ndi kuwawasa.
Anadya lachiwiri.

Lachisanu dzuwa likamapendeka
ankayatsa makandulo awiri, magetsi alipo,
n'kuphimba maso ndi zikhatho.
Foni ankaitsekera m'kabati
mpaka mawa lake nyenyezi zitatu zioneke.
Ndinati, Nanga wina akakufunani?
Anati, Wodwala adzagogoda, ndidzatsegula.
Zinazo dziko lisenze lokha tsiku limodzi.

Awiriwa sankakamba za Mulungu patebulo.
Ankakangana za mpira
ndi za yemwe wamaliza shuga.

Onse anapita.
M'chipinda chachinayi tsopano mumagona woyendetsa thiraki
amene amasiya mabotolo kunsi kwa bedi.
Ine sindinasinthe mpingo,
Lamulungu ndimapitabe ku Misa ndi chitenje changa cha buluu.
Anselimo sanaimbebe.
Ngongole ya kwa Dona Filomena yafika mametikali zikwi zitatu.
Alipo masiku amene ndimasesa ngati ndikumenya munthu,
ndimamwa madzi chiimire, osawamva n'komwe.

Koma alipo ena.
Ndimatsika ku Revubwe ndi nsalu za pabedi,
madzi n'kundigwira m'akakolo,
ndipo ndimadziwa kuti andigwira.
Sopo amanunkhira sopo.
Sitima ya malasha ikamadutsa
ndimaleka kuwerenga mabogi ake,
ndimangoimva m'mapazi mpaka itatha.
Mawu a mayi Rivka sindinawagwire,
ndiye ndimanena anga, aafupi:
Zikomo, ndi ozizira.

Dzulo masana patebulo la m'chipinda chodyera
fumbi linali litagona kale.
Ndinalembapo Anselimo,
zilembo zonse zisanu ndi zitatu,
S wake wokhota ngati mmene ankalembera ali mwana.
Ndinakhala pampando wa alendo,
chinthu chimene sindichita,
ndi kuliyang'ana dzinalo.
Mpweya unalowa. Unatuluka.
Panja wina ankaitanira makala.
Unalowanso.

Kenako ndinanyowetsa kansalu,
poti alendo amadya pa seveni.