Buku Lopanda Chikuto

Esinati, imitsa kaye makina ako osokera,
siketi ya mayi wa ku Magazine ija idikira.
Ndakubweretsera buku.
Ndinaligula pa Kapata kwa mnyamata woyala malonda pansi,
pakati pa mabatire a tochi ndi mankhwala a makoswe.
Makwacha khumi ndi asanu. Chikuto chinathothoka kale,
dzina la wolemba linapita ndi chiswe,
koma muli mafoni ndi magetsi ozimazima,
ndiye kuti mwini wake akali moyo penapake, akutafuna cholembera.

Usandifunse kuti likuphunzitsa chiyani.
Patsamba loyamba kalaliki wa ku khonsolo
apeza kuti Lachitatu lake labedwa.
Anzake onse ali nalo.
Iye agona Lachiwiri, adzuka Lachinayi
ndevu zitamera za masiku awiri.
Kupolisi amufunsa kuti linali la mtundu wanji
ndiponso ngati ali ndi lisiti.
Patapita chaka alipeza pa salaula,
litaperepeseka m'zigongono,
ndipo poliyesa silimukwana.

Ndinawerenga zimenezo pamthunzi, nditatsamira njinga yanga.
Bambo wina anandiitana katatu kuti ndimufikitse ku Mchini,
wachinayi anakwera ya Yotamu.
Makwacha khumi anapita ndikuona.
Ndinatembenuza tsamba.

Muli mayi wina wolima nshawa
amene posenda apeza m'khoko lililonse
mawu amene sanamuuze mwamuna wake.
Adzaza matumba asanu ndi awiri.
Ogula ayesa pasikelo, muvi osagwedera,
koma ng'ombe zikanika kukoka ngolo.
Apa ndinatseka buku, Esinati,
ndinayang'ana phiri la Kanjala nthawi yaitali
ngati lili ndi ngongole yanga.

Aphunzitsi a Njobvu ndinawabwereka usiku umodzi.
Anabweza m'mamawa, atalikulunga m'pulasitiki ngati nsomba yowola.
Ati misala iyi, mwambi wake uli kuti?
Ati nkhani imayenera kukhala ndi mutu, mimba ndi mchira.
Sindinawatsutse, anandiphunzitsa samu.
Koma penshoni yawo ili m'kompyuta chaka chachisanu ndi chinayi,
amati ikuoneka, ikupuma, ikungodikira dzanja la munthu
amene nthawi zonse wangotuluka kumene.
Ndipo pa Mwami, dzulo lomweli,
ndalama inasintha dzina ili m'manja mwanga,
phiri lomwelo, chilankhulo chomwecho,
azakhali anga tsidya lina la chingwe
akundifunsa ngati kwathu kwagwa mvula.
Nanga misala imayambira tsamba liti?

Uwerenge pang'onopang'ono.
Nkhani yachitatu uidumphe ngati uli wekha m'nyumba,
ija ya chitsime chimene chimabweza zidebe za anthu ena,
zodzaza madzi a chaka chamawa.
Yachisanu sindinaimvetse, ndaibwereza kanayi,
muli mbuzi yosunga mabuku a mpingo
ndipo palibe amene akudabwa.
Mwina iwe, wozolowera kuona chovala kunsi kwake,
upeza pamene anasokera.

Masamba omaliza palibe.
Mnyamata uja anati anakulungira zitumbuwa.
Choncho kwinakwake ku Navutika
mwana wadya chitumbuwa, wanyambita mafuta,
wawerenga mathero amene ine sindidzawadziwa,
n'kuwataya m'ngalande ya ku Lunkhwakwa.
Usiku ndimawapeka ndekha magetsi akapita.
Ena amatha bwino. Ambiri satha.

Tenga. Usaikepo ayironi yamoto,
usapinde ngodya, ika kansalu kotsala.
Ukapeza m'mphepete molembedwa ndi pensulo, ndi ine,
ndimakangana nalo.
Ukaseka pamalo pamene ine sindinaseke
uchongepo ndi choko chako chabuluu,
ndikufuna ndidziwe.

Ndidzabwera kudzalitenga Lachitatu,
ngati udzakhale ukali nalo.