Woyatsa Nyali Yofiira

Masitepe khumi ndi atatu kutsika,
pansi pa msewu wa Chicago, pomwe sitima imadutsa pamutu
n'kugwedeza matambula m'mashelefu.
Ine ntchito yanga ndi nyali yofiira.
Mphindi zisanu ndi ziwiri zikatha ndimayatsa, psuu,
kutanthauza kuti maliza, tsika, mnzako akudikira.
Zaka zoposa makumi asanu ndikutseka anthu pakamwa,
ine amene nthabwala ndilibe ndi imodzi yomwe.

Mordecai Pinsker ndinamupeza atakalamba kale.
Ankati wanthabwala poyamba anali chigamba chabe,
chomata mpata pakati pa ovina ndi galu wolumpha mkombero,
kuti anthu asatuluke makatani akamasinthidwa.
Ovina anapita. Galu anafa.
Anatsala iye, khoma la njerwa ndi maikolofoni.
Suti yake inkanunkha mankhwala a njenjete,
nthabwala zake zonse zonena apongozi,
ndipo dzanja linkanjenjemera mpaka munthu woyamba aseke.

Lucius Tarver ankalowera kukhitchini.
Khomo lakutsogolo silinkalola khungu lake.
Ankadutsa pakati pa mapoto, kupukuta nsapato pa katoni,
n'kukwera pansanja kukauza azungu
zomwe munthu amamva akamawaperekera supu.
Usiku woyamba, zii.
Ndinamva ayisi akusweka m'tambula.
Kenako mayi wina kumbuyo anaphulika phwete
ngati wotsamwa amene wamenyedwa kumsana,
chipinda chonse n'kumutsatira,
kuseka kuja kwa munthu wogwidwa dzanja lili m'thumba la mnzake.

Inafika nyengo ya apolisi awiri otsamira khoma,
zipewa m'khwapa, kabuku m'manja,
kulemba mawu otukwana ngati akuwonkhetsa ngongole.
Wamng'onoyo ankaluma mlomo kuti asaseke.
Anamutenga Lucius Lachisanu, unyolo m'manja.
Lachiwiri anabwera ndi nkhani zatsopano
zonena chakudya cha m'chitokosi.
Lilime lilibe fupa, uthyolapo chiyani?

Bernadine Kowalczyk ankamuuza kuti akazi saseketsa.
Anakwera ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri,
n'kuyamba za mwamuna wodziwa kumasula injini yonse
koma wosadziwa kumene kumakhala sokosi zake.
Usiku umenewo ndinaiwala kuyatsa.
Abwana anandidula malipiro a tsiku, sindinadandaule.
Patapita mwezi ndinawamva mawu ake m'basi,
m'kamwa mwa mayi wosamudziwa, atanyamula kabichi,
akuwanena ngati ake.
Nthabwala ikakoma imataya mwini.

Wayilesi ya kanema inadzatola okhwima
n'kutisiyira aawisi.
Ena anagula nyumba zokhala ndi dziwe losambira,
Mordecai anafera m'chipinda cha lendi,
makadi a nthabwala atamangidwa ndi mphira pansi pa pilo.
Kumaliro kwake tinalipo asanu ndi mmodzi,
awiri ankatsutsana kuti anabera mnzake ndani.

Masiku ano kuli Yusra Haddad,
mpango kumutu, nsapato zothamangira,
amanena za kusechedwa pabwalo la ndege:
akuti ndi malo okhawo kumene dzina lake amalitchula mosamala.
Mafoni amaima m'mwamba ngati makandulo a pa mwambo,
asanakwere masitepe mawu ake awoloka kale nyanja zamchere,
uku akuseka, uko akunola mipeni.
Dzanja lake nalonso limanjenjemera.
Ndimaliona ine ndekha, chifukwa ndimakhala cham'mbali.

Nthawi ikakwana thu koloko m'mawa, onse apita.
Chipale chofewa chatseka kawindo ka kumsewu.
Ndimakweza mipando pamatebulo, miyendo m'mwamba,
n'kuima pomwe amaima, thabwa lake linadyeka pakati.
Ndimagogoda maikolofoni kawiri,
kuyesa ija ya Mordecai ya apongozi ndi ambulera.
Ndimalakwitsa pothera, monga mwa masiku onse.
Firiji imang'ung'udza.
Sitima yomaliza imadutsa, matambula n'kuwombana pang'ono,
ndipo ine ndimawerama,
kenako n'kupita kukadziyatsira ndekha nyali.