Zitseko za Nyumba Imodzi

Chiphaso chathu n'chimodzi:
kachithunzi, nambala, chidindo cha yunivesite.
Basi ya pasukulu imatinyamula tonse osafunsa magiredi.
Koma zitseko za nyumba imodziyi
sizilemera mofanana.

Marisol anakankha chake ndi chala chimodzi.
Lolemba anali wa zaulimi,
pofika Lachinayi akuphunzira mbiri yakale,
inki ya siginecha ya Mayi Halvorsen isanaume n'komwe.

Tou anafuna zamalonda.
Kumeneko amafuna moyo wako wonse m'mawu mazana asanu,
ndiponso jekete.
Anabwereka ya msuweni wake wa ku Saint Paul,
yaitali manja mpaka kubisa zala,
nalemba za mayi ake ndi tebulo lawo la ndiwo zamasamba pamsika.
Anamutenga.
Jekete ija sanabwezebe.

Za unamwino sititchula Ingrid ali pafupi.
Anagogoda kawiri.
Lero amatithirira khofi pansi pa chipatala chomwecho,
maso ali pa mayunifolomu odutsa.

Ine ndikufuna uinjiniya, tsidya lina la mtsinje.
Akuti malo ndi makumi anayi,
ogogoda tili mazana atatu.
Ndawerengera pa kapepala kopukutira pakamwa,
ndawerengeranso pa galasi la basi lochita nthunzi,
yankho silisintha.

Masamu anga anatsimphina chaka chatha,
mwezi umene bambo anapsa dzanja ku ntchito yowotcherera ku Duluth.
Lachisanu lililonse ndinkayendetsa galimoto usiku
pamsewu woterera ndi chipale chofewa,
kukawamangira mabandeji, kuwatsegulira mabotolo a mankhwala.
Fomu ili ndi kabokosi ka giredi.
Ka mwezi umenewo palibe.

Mayi Halvorsen anavula magalasi n'kunena motsitsa mawu:
«Ukadafunsira zaka ziwiri zapitazo ukadalowa.
Chitseko chimafupika anthu akachikonda.»
Kenako anandipatsa switi ya m'mbale yawo
ndi kabuku ka maphunziro ena amene sindinafunse.

Dzulo pamlatho, mphepo ikuluma makutu,
ndinakumana ndi Dashiell atanyamula katoni ya mabuku.
Amachokera komwe ine ndikulakalaka.
«Ndatopa ndi kulota manambala,» anatero,
«ndikupita kukaphunzira za nkhalango.»
Ndinamufunsa kuti fomu yotulukira inali ya masamba angati.
Anaseka mpaka utsi wa mpweya unamuphimba nkhope.
Kutuluka, akuti, n'kungokoka chogwirira.

Ndinamulandira katoni ija mpaka kumapeto a mlatho.
Inali yolemera, ndipo ndinachita manyazi
pozindikira kuti mtima wanga ukuwerenga:
makumi anayi ndi amodzi.

Mayankho adzatuluka m'Malichi.
Pakadali pano ndimadutsa pa nyumba yawo yagalasi
popita kukatsuka mbale ku kantini.
Chiphaso changa chimatsegula chitseko chakumaso,
ndimalowa, ndiothe pang'ono,
ndimwe madzi pampopi wawo.
Ndi madzi omwewo.