Diso la Mphepo

Fiachra wabwera ndi tepi yake yopimira,
pensulo kukhutu, nsapato zili matope a ku Dún Chaoin.
Akuti thabwa lafumbwa, galasi likugwedera ngati dzino la nkhalamba,
akuti tizule zenera lonse chisanu chisanakhwime.

Ndamuuza ayambe wakhala pansi.

Fuinneog. Mawuwa si akuno, mwanawe.
Anafika pa ngalawa zazitali zochokera kumpoto,
m'kamwa mwa anthu amene anadzawotcha matchalitchi,
n'kutsala, n'kukwatira, n'kuiwala njira yakwawo.
Iwo ankati vindauga, diso la mphepo,
kabowo chabe kotulukira utsi.
Ife tawatafuna zaka chikwi
mpaka afewa ngati kachewere wogona mumphika.

Ndi dzina lachikazi, ndipo lili ndi manyazi ake.
Ukati an fhuinneog, f uja amalembedwa ndithu
koma pakamwa ali zii,
ngati mlendo woima pakhomo osagogoda.
Likakhala langa, m'fhuinneog, wasowanso.
La mwamuna wina aliyense, a fhuinneog, chimodzimodzi.
Likakhala lathu, ár bhfuinneog,
amamuveka zilembo ziwiri ngati jekete yobwereka
n'kumayankhula ndi mawu a wina.

Zaka makumi anayi ndi chimodzi linali lathu.

Gobnait ankakhala apa, chigongono pathabwali,
taona pomwe penti inachoka.
Ankawerenga nkhosa za kwa Ó Cíobháin zikutsika phiri,
ankakalipira mvula yochokera kunyanja
kuti idikire kaye malaya aume.
Siinamumvere ngakhale tsiku limodzi.

Koma likakhala la mkazi, Fiachra, tchera khutu:
a fuinneog.
Wamumva? F wabwerera, wathunthu, wosavala kanthu,
mpweya wothawa pakati pa milomo,
kamphepo komwe kaja kanakwera ngalawa.

Chichokereni kumanda mu Epulo
ndimalitchula choncho basi.
Aphunzitsi anatikwapula nalo lamuloli kusukulu,
sananene kuti lidzandisungira munthu.

Mnyamata wapinda tepi yake, maso ali pansi.
Wakanda thabwa ndi chikhadabo, wanunkhiza.
Akuti mwina phula pang'ono m'mbalimu, ndi misomali iwiri,
lingapirire chisanu chimodzi, kupitirira apo salonjeza.

Ndati chabwino, khoma.
Koma pakona yakumanzereyo, pomwe pamalira mluzu usiku,
usamatepo.