Chidole cha pa Bedi Lachinayi

Lachitatu m'mawa kuno ku Hull, mvula ikunyambita mawindo.
Ndawalowetsa asanu m'chipinda chophunziriramo.
Pabedi agona Bambo Pickering, chidole chapulasitiki
chopuma ndi magetsi, chotsokomola ndikadina batani.
Adagwa m'bafa, ndawauza, akazi awo adamwalira chaka chatha.
Yambani.

Aima motalikirana ngati odikira basi.
Imogen wa udokotala walanda kale malo akumutu.
Rhys wa unamwino wagwira mkono, akuwerenga chamumtima.
Declan wa mafizo akuona mawondo okha,
ngati munthu amathera m'chiuno.
Tamsin, amene adzayendera odwala m'makomo, ali pafupi ndi chitseko,
sakudziwa poika manja.
Farhana wa zamankhwala wakumbatira fayilo pachifuwa.

Imogen watchula mankhwala opha ululu, mawu ake osagwedera.
Farhana wayang'ana pepala, pamene palembedwa
kuti bamboyu amamwa kale osungunula magazi.
Milomo yake yatseguka pang'ono,
yatsekekanso.

Milomo imeneyo ndikuidziwa.
Ndidali nayo ine ku Zomba, mu wodi ya abambo,
ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, yunifolomu yosita bwino.
Adokotala adalemba, ine ndidaona,
ndidameza mawu pamodzi ndi malovu
poti mwana wadzulo sawongola akuluakulu.
Kutacha tidayala nsalu zina pabedi lija.
Ulemu wanga udali waukhondo, wopanda banga,
ndipo munthu adapita nawo.

Ndadina batani. Chidole chabuula.
Farhana, wati chiyani?
Palibe, aphunzitsi.
Palibe wakoyo, tamunene mokweza.

Wanena. Mawu atuluka opunduka, koma atuluka.
Makutu a Imogen afiira ngati tomato wakupsa,
chipinda chati zii, kungomveka kupuma kwa makina.
Kenako cholembera chakhwatcha mzere.
Ndiye timupatse chiyani? wafunsa Imogen,
ndipo kwa nthawi yoyamba wasuntha phazi kuti wina adutse.

Tamsin wachoka pachitseko paja:
akatuluka muno, adzamutsegulira botolo ndani?
Declan akufunsa masitepe a kunyumba kwake, ndi angati,
ali ndi pogwira kapena ayi.
Rhys akuti bamboyu sadadye chidzulo, palibe wafunsa.
Mapewa ayamba kukhudzana,
ndipo sindikuonanso bwino chidole pakati pawo.

Za chala chimodzi ndi nsabwe sindinawauze,
akadangokanda m'mutu.

Nthawi yatha. Atuluka akukanganabe za mlingo,
anthu asanu, maambulera awiri.
Ine ndatsala, ndazimitsa Bambo Pickering pakhoma,
chifuwa chawo chaima pakati pa mpweya.
Mawa adzadzukanso, adzagwanso m'bafa,
adzapatsa ana ena mpata wolakwa popanda maliro.

Ndawafunditsa bulangete mpaka m'khosi
ngakhale samva kuzizira,
ndipo motsitsa ndatchula dzina la bambo wa ku Zomba uja.
Ndimalikumbukirabe. Adali a Chikaonda, telala wa pamsika.