Zomwe Sindinalembe M'maminitsi

Loweruka loyamba la Juni,
kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi ku Katawa.
Malata ankadontha pomwe anadonthera chaka chatha,
ndowa ili pakati pa tebulo ngati nayonso ndi membala wa bodi.
Tinalipo anayi. Malamulo amafuna asanu.
Tinkadikira a Mughogho,
amene kabaza wawo anatitimira m'matope a ku Mchengautuwa.

Ine ndine mlembi. Ntchito yanga ndi kufupikitsa.

Atafika, nsapato zili m'manja, tinapemphera.
Mfundo yoyamba: maminitsi apitawo. Anavomerezedwa.
Yachiwiri: chuma.
A Silungwe anawerenga mipira iwiri, choko, sopo,
thiransipoti ya alangizi khumi ndi mmodzi,
ndi zikwi zisanu ndi ziwiri zopanda lisiti.
Tinakokana theka la ola
mpaka lisitilo linapezeka m'Baibulo lawo lomwe.
Ndinalemba: "Chuma chili bwino."

Mfundo yachitatu inabwera chozemba:
"Nkhani ya mlangizi W."
Tonse tinkadziwa kuti W ndi Wongani,
ndipo Wongani ndi mwana wa mng'ono wawo wa wapampando.

Tinam'patsa anyamata atatu
kuti aziwathandiza masamu, aziwafunsa za kunyumba.
Iye ankawasenzetsa njerwa ku puloti yake ku Zolozolo.
Malipiro ake: chipisi cha pachiwaya
ndi mawu oti ntchito imaumba mwamuna.
Fumbani wa Fomu 2 sanaulule ndi pakamwa.
Aphunzitsi anangoona zala zake
zikukana kugwira cholembera.

Mayi NyaKaluwa anavula magalasi.
"Gawo lachisanu ndi chinayi ndinalemba ndine," anatero.
"Wachibale atuluke."
Palibe anawauza kuti akhale.
Kachipindako kalibe khonde.
Pawindo tinkawaona ataima pansi pa mtengo wa mapeyala,
mvula yowaza ikuwanyowetsa duku,
akuyang'ana kumsewu ngati akudikira minibasi.

A Mughogho anati: alangizi sitiwalipira,
tikamuchotsa, ku Zolozolo kuzipita ndani?
Ndipo ife tomwe sitinakule tikusenza?
A Silungwe anati: azungu otithandiza akamva, basi.
Sindinadziwe ngati akuopa kuti amva tamuchotsa
kapena kuti amva tamusunga.

Lusekero, woimira achinyamata,
amene zaka ziwiri zonse
mawu ake aakulu anali "shuga masupuni angati?"
anaika ketulo pansi.
"Tinawauza ana kuti wina akawavuta, abwere kuno.
Abwera.
Ndikawauze kuti kunalibe anthu?"

Ndowa inalandira madontho asanu ndi limodzi. Ndinawerenga.

Manja.
La Lusekero linali kale m'mwamba.
La a Silungwe linakwera pang'onopang'ono
ngati lole ya matabwa pachitunda cha ku Chikangawa.
Langa linali ndi cholembera,
ndipo kwa kanthawi ndinabisala kuseri kwake.
Wongani anandinyamulira bokosi la bambo anga.
Ndinalikweza.
A Mughogho anayang'ana nsapato zawo.

Titawaitana, Mayi NyaKaluwa sanafunse
kuti wakweza ndani, wakana ndani.
Anangoti, "Mwagwirizana chiyani?"
Ndinawerenga. Anagwedeza mutu.
"Mayi ake ndikawauza ndekha.
Zina ndi zina: Fumbani ali ndi mayeso mwezi wamawa.
Akufunika munthu pofika Lolemba."
A Mughogho, maso akadali pansi, anati,
"Masamu ndimawadziwako."

Mukatsegula buku lathu pa tsamba 41 mupeza izi:
"Wapampando anatuluka 11:20, anabwerera 11:52.
Mlangizi W wachotsedwa, mavoti atatu kwa imodzi.
Makolo a ana adziwitsidwe."
Pansi pake pali siginecha,
inki yake yomwazika pomwe mkono wa juzi
unadonthezera madzi.

Owerengera ndalama atabwera mu Disembala
anandifunsa za banga limenelo.
Ndinati denga limadontha.