Mzere wa Choko Chofiira

Lolemba ndinaika kadontho pa bolodi,
kum'mawa kwa Madagasika, pakati pa madzi amchere.
Ndinati, ana inu, uyu ndi namondwe,
ali ndi diso limodzi, ndipo m'disomo muli bata.
Asiyatu anakweza mkono:
Aphunzitsi, ngati ali ndi diso, akutiona?
Kalasi yonse inaseka. Nanenso ndinaseka.

Lachiwiri kadontho kanasuntha zala zitatu.
Wailesi inati afika pamtunda Lachisanu usiku
cha ku Kelimane,
kenako afooka, akhotera kumwera,
ife atisiyira mawawa.
Ndinajambula zonsezo ndi choko chofiira,
mzere wopindika ngati chikwakwa
wodutsa kutali ndi kwathu kuno kwa Mwambo.

Lachitatu anaima.
Tsiku lonse pamalo amodzi
ngati mwana wafika pamphambano
n'kuiwala chimene wamutuma mayi ake.
Pa foni yanga mzere uja unafutukuka ngati lichero
ndipo m'mphepete mwa licherolo
munali phiri la Zomba, laling'ono ngati njere ya mpunga.
Ndinafufuta ndi chikhatho, n'kujambulanso.
Che Likongwe, mlonda wa pasukulu, anasuzumira pawindo:
Mukutheranji choko?
Linthumbu lasamuka dzulo, lakwera kumtunda ndi mazira ake.

Lachisanu usiku anafikadi.
Tsiku sanaphonye a zanyengo,
ndiyenera kunena zimenezi
poti ena akuti tinanamizidwa.
Uthenga unalira m'mafoni katatu: chokani m'madambo.
Koma mpunga unali utabereka,
ndipo ndani amasiya mpunga chifukwa cha kadontho?

Chimene sanadziwe n'chakuti mlendoyu avula nsapato.
Sanakhote. Anakhala pansi.
Kachitini koyezera mvula kuseri kwa ofesi
ndinakakhuthula mbandakucha,
ndinakakhuthulanso masana,
madzulo kanasefukira ndisanalembe nambala,
m'mawa mwake kanali katapita ndi mtengo wake womwe.

Usiku wachitatu phiri linabangula.
Ena anati Napolo watsika,
ine ndinati ayi, dothi lakhuta madzi.
Likangala sanafunse kuti wolondola ndani.
Anabwera ndi miyala, ndi zitsa za paini,
ndi chitseko chabuluu cha munthu wina wa ku Chikanda
loko akulendewerabe.
Anasiya njira yake ya makedzana
n'kudzera pabwalo la mpira, pachigayo, pamanda.

M'nyumba mwanga madzi anajambula mzere wawo pakhoma,
wowongoka kuposa wanga,
wofika pachifuwa.
Umenewo palibe akuutsutsa.

Tsopano kalasi yanga ndi kampu.
Mabanja khumi ndi anayi, madesiki ounjikidwa kukona,
zitenje pachingwe kugawa zipinda,
fungo la zovala zosauma ndi mankhwala othira m'madzi.
Bolodi palibe wafufuta.
Asiyatu amagona pansi pake penipeni.
Bambo ake anabwerera kukamasula ng'ombe;
timafunsabe kwa a mabwato ochokera ku Chilwa,
iwo amangopukusa mitu, n'kumanga chingwe.
Mwanayu sakwezanso mkono.

Dzana Abiti Mkwanda, poyamwitsa,
anayang'anitsitsa chikwakwa changa chofiira chija.
Aphunzitsi, ndiye ifeyo tili pati pamenepa?
Ndinaimirira, ndinafufuza ndi chala.
Nyanja ilipo, chilumba chilipo, Kelimane alipo,
mivi ya mphepo, masiku, maola.
Ife ndinaiwala kutijambula.
Ndinaika kadontho koyera, mochedwa,
pamene ndikuganiza kuti tili.

Lero wailesi yati kwabadwa kena kutali m'nyanja,
sikanapatsidwe dzina,
mwina kazimirira komweko, mwina ayi.
Che Likongwe apita kukaona linthumbu.
Ine ndatola choko.
Chatsala kachidutswa, chanyowa,
sichikugwira pa bolodi.